Tifuna cenjezo kutsogolo kwa paketi

Ndalama za cimanga, soya ndi nshawa zikangolowa m'thumba, ambiri a ife timakwera basi kapena kenta kupita ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi kukagula zofunika za panyumba. Pogula feteleza palibe amene angatinamize. Mlimi aliyense adziwa kuti D Compound si Urea, ndipo thumba leni-lenilo linena poyera zimene zili m'kati: 10-20-10 pa lina, 46 pa linzake. Ngakhale amene sanapite patali ndi sukulu manambala amenewa anawaloweza pamtima, cifukwa adziwa kuti akalakwitsa pamenepa munda wonse walakwika.

Koma tikacoka kwa wogulitsa feteleza ndi kulowa m'sitolo ya zakudya, nzeru zonse zija timazisiya pakhomo. Cakudya ca cimanga timacifufuza, koma cakudya ca mwana timagula ndi maso cabe. Cimene citikoka ndi paketi yowala, cithunzi ca mwana wa masaya akuseka, lalanje lakupsa lojambulidwa pa botolo la madzi a shuga, ndi mau a Cizungu akulu-akulu olonjeza mphamvu ndi mavitamini. Zimenezi sizinaikidwe pamenepo mwangozi ai. Makampani amalipira akatswiri kuti apeze mtundu ndi mau amene adzakoka dzanja lanu, pakuti adziwa kuti munthu m'sitolo amasankha m'kanthawi kocepa, mwana akulira kumsana, basi ili pafupi kunyamuka. Kutsogolo kwa paketi alankhulako ndi wogulitsa yekha. Za shuga, mcere ndi mafuta, ngati zalembedwa, zili kumbuyo, m'timalemba tating'ono tofuna magalasi. Makolo athu anaona kale: cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife tikuti boma liike lamulo lakuti cakudya kapena cakumwa ciliconse ca m'paketi ndi m'botolo, cimene anathiramo shuga, mcere kapena mafuta opitirira muyeso, cikhale ndi cizindikiro ca cenjezo kutsogolo. Cikhale cacikulu, cofanana pa katundu yense, coti ngakhale agogo amene sanaone m'kalasi acione ndi kucimva. Ndipo likhale lamulo, osati pempho.

Ena adzati iyi ndi nkhani ya anthu a m'mayadi ku Lusaka, ife kumudzi ndi mu komboni bvuto lathu ndi njala. Tiyeni tione. Kafuku-fuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2017 anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi pa asanu alionse mu Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo pafupi-fupi mmodzi pa anai thupi lake linapitirira muyeso. Anapezanso kuti munthu mmodzi anali kudya magalamu 9 ndi theka a mcere pa tsiku, pomwe WHO inena kuti tisafike magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Caka cotsatira, mu 2018, kafuku-fuku wina wa boma anaonetsa kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira.

Manambala awa si a mitundu iwiri ya anthu. Pakhomo limodzi lomwelo mupeza mwana wopinimbira ndi amai ake akumwa mapilisi a BP. Inu amene mumayendera odwala m'miphakati ndi m'magulu a azimai mudziwa bwino kuposa ife: abambo amene dzanja ndi mwendo zinafooka ndi sitiroko akali ndi ana a sukulu, amai amene cilonda ca kuphazi sicipola kaamba ka matenda a shuga. Matenda amenewa safuna mankhwala a masiku ocepa n'kutha monga malungo. Afuna ulendo wa ku cipatala mwezi ndi mwezi mpaka imfa, ndipo mlimi akagona, munda nawonso ugona. Kwa mwana uja, Kwacha imene yapita ku tokhwasula-khwasula ta m'mapaketi ndi madzi otsekemera a m'timapulasitiki ikanagula dzira kapena kapenta. Mimba yakhuta, thupi silinalandire kanthu.

Wina angafunse kuti, nanga si zonse zalembedwa kale kumbuyo, bwanji anthu osawerenga? Cabwino, tiyeni tiwerenge pamodzi. Pa mndandanda wa zimene anapangira cakudya, cimene cili poyamba ndico caculuka koposa, ndipo comaliza ndico cacepa. Conco ngati pa botolo lojambulidwa zipatso mau oyamba ndi madzi ndipo aciwiri ndi shuga, mwagula madzi a shuga. Koma shuga ali ndi maina ambiri: pena alemba sucrose, pena glucose, pena syrup, ndipo akagawa m'maina atatu aoneka ngati ndi wocepa. Magalamu 4 a shuga ndiwo kasupuni kamodzi ka tiyi. Zakumwa zambiri za kola zimakhala ndi magalamu pafupi-fupi 10 pa mamililita 100, kutanthauza kuti botolo la mamililita 500 lili ndi magalamu 50, masupuni 12. Mu 2015 WHO inalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire muyeso wonga womwewo pa tsiku lathunthu, ndipo inati theka lake ndilo labwino koposa. Ndani wa ife angathire masupuni 12 a shuga m'kapu ya mwana alendo akuona? Koma botolo timamupatsa ndi manja awiri, ena akuti ndiko kumukonda.

Mcere ndiye wobisika kwambiri. Pa manambala a mapaketi ambiri salemba mcere, alemba sodium, ndipo kuti mudziwe mcere weni-weni muyenera kuculukitsa nambalayo kawiri ndi theka: mamiligalamu 400 a sodium ndiwo galamu imodzi ya mcere. Kuonjeza apo, mapaketi ena apereka manambala a kagawo kocepa kamene kampani yokha yaganiza kuti ndiko munthu adya pa nthawi imodzi, pomwe mwana amatsiriza paketi yonse asanafike pa mphambano. Tsono tiuzeni, ndi amai ati amene adzaima pakati pa sitolo ndi kucita masamu amenewa m'Cizungu? Ngakhale aphunzitsi sacita. Zolemba za kumbuyo zikhutiritsa lamulo, koma sizifika kwa wogula.

Dziko limene linaona msanga zimenezi ndi Chile, ku South America. Kumeneko kunenepa kwa ana kunafika podetsa nkhawa, ndipo senata wina amene alinso dokotala, a Guido Girardi, anabweretsa bilu mu 2007. Makampani analimbana nayo zaka zambiri. Lamulo linabvomerezedwa mu 2012 koma linayamba kugwira nchito mu June 2016. Cimene anacita ndi copepuka. Anatenga maonekedwe a cikwangwani ca STOP ca pamseu, ca makona 8, nacipaka cakuda, nalembamo mau oyera a Cisipanishi akuti ALTO EN, kutanthauza kuti muli zambiri, kenaka dzina la cinthuco: shuga, sodium, mafuta oundana kapena makalori. Cakudya cimodzi cikhoza kukhala ndi zikwangwani zinai. Miyeso anaikhwimitsa pang'ono-pang'ono mpaka 2019, pamene cakumwa copitirira magalamu 5 a shuga pa mamililita 100, ndi cakudya copitirira magalamu 10 a shuga kapena mamiligalamu 400 a sodium pa magalamu 100, zinayamba kulandira cizindikiro. Kola uja tachula wapitirira muyeso umenewu kawiri.

Sanalekere pa cizindikiro cokha. Cakudya ciliconse cokhala ndi cikwangwani cakuda anaciletsa kugulitsidwa m'masukulu, naletsanso kucitsatsa kwa ana osakwana zaka 14. Tidole ndi zithunzi zokopa ana zinacotsedwa. Tony the Tiger, kambuku wochuka wa pa mabokosi a Kellogg's, anazimiririka m'masitolo a ku Chile, ndipo timazira ta cokoleti ta Kinder Surprise, tokhala ndi kadole m'kati, tinaletsedwa.

Nanga anthu anasintha kagulidwe? Akatswiri a University of North Carolina ndi University of Chile anatsatira zimene mabanja anali kugula, ndipo mu 2020 anaulutsa kuti kugula zakumwa zokhala ndi cizindikiro kunatsika ndi maperesenti 23.7, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anai. Iwo ananena poyera kuti zimenezi zinacokera ku lamulo lonse pamodzi, cizindikiro, masukulu ndi kutsatsa malonda, osati cizindikiro pacokha. Ofufuza ena atakhala pansi ndi azimai, anamva cinthu cimene ife citikondweretsa koposa manambala: ana ang'ono ndiwo anayamba kuuza amai ao kuti asagule za zikwangwani zambiri, cifukwa ku sukulu aphunzitsi sazifuna. Mwana wosadziwa kuwerenga adziwa kuwerenga zikwangwani zakuda, kuti ici cili ndi zitatu, ico cilibe.

Palinso cina cimene ambiri saciganizira. Cizindikiro cisanasinthe wogula, ciyamba casintha wopanga. Kampani siifuna cikwangwani cakuda pa katundu wake, conco icepetsa shuga ndi mcere kuti ikhale pansi pa muyeso. Ku Chile, zakudya zoyenera cizindikiro zinatsika kucoka pa 51 kufika pa 44 pa 100 zilizonse lamulo litangoyamba. Apa ngakhale munthu amene sayang'ana paketi konse wapindula. Zoona, makampani ena anacotsa shuga ndi kuikamo mankhwala otsekemeretsa, ndiye cifukwa cake Mexico, potengera njira yomweyi mu 2020, inaonjeza cenjezo lina lakuti zokhala ndi zotsekemeretsa zimenezi kapena caffeine si zoyenera ana. Peru, Uruguay, Argentina ndi Colombia nawonso anatsatira. Kunenepa sikunathe ku Chile, ndipo palibe woona mtima anganene kuti kapepala ka pa paketi kaciritsa dziko. Koma kuti kasintha zimene anthu anyamula m'sitolo, pamenepo umboni ulipo.

Maiko ena anasankha njira yofatsa, yosakhumudwitsa amalonda. Britain mu 2013 inayamba mitundu ya maloboti a pamseu, yofiira, yacikasu ndi yobiriwira. Australia ndi New Zealand mu 2014 anayamba kupereka nyenyezi. France mu 2017 inayamba Nutri-Score, malemba ocokera pa A kufika pa E monga magiredi a mayeso. Zonsezi anazipanga kuti kampani iziika ikafuna. Cotsatira cake munthu aliyense angacilote. Ku Australia, patapita zaka 10, zakudya zosakwana theka ndizo zinali ndi nyenyezi, ndipo zambiri mwa izo zinali zija zopeza nyenyezi zoculuka. Mu 2024, Nutri-Score itakhwimitsa kawerengedwe ndipo zakumwa zina za mkaka zitatsika giredi, kampani ya Danone inalengeza kuti icotsa cizindikiroco pa zakumwa zimenezo. Mwana wa sukulu mukamuuza kuti lipoti abweretse kunyumba akafuna yekha, mudzaona lipoti la temu imene wakhoza cabe.

Kuno kwathu tili ndi Good Food Logo, cizindikiro cimene boma linakhazikitsa mu 2020 mogwirizana ndi bungwe la WFP, coikidwa pa zakudya zimene zayesedwa ndi kupezeka kuti zikwanitsa miyeso ya thanzi. Amene anaciganiza anacita bwino ndipo sitiwanyoza. Koma ndi cizindikiro cotamanda, ndipo kampani icita kucipempha yokha. Cakudya coipa sicilandira ciliconse, cingokhala phee pa shelefu ndi mitundu yake yowala, pambali pa cakudya cabwino ca kampani yaing'ono imene siinapemphe. Wogula adzasiyanitsa bwanji ziwirizi? Mufunseni mnzanu wa pa benchi Sondo likudzali ngati anacionapo cizindikiro cimeneci, ndipo ngati anasiyapo katundu cifukwa cakuti cinalibe.

Kuti mau otamanda a pa paketi ali ndi mphamvu, ife a Zambia tili ndi citsanzo cathu-cathu. Kuyambira 1998 lamulo linena kuti shuga wa panyumba aziikidwa vitamini A. Cifukwa cake cinali comveka: ana ambiri anali kusowa vitamini ameneyu, amene ateteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda, ndipo shuga ndiye anali kupitira m'mafakitale ocepa osabvuta kuwayang'anira. Koma taonani zimene mau amenewa acita m'mutu mwa munthu. Alipo makolo amene athira supuni yacitatu m'phala la mwana ali ndi mtima woyera, poti pa paketi alemba vitamini. Shuga wa vitamini akali shuga, mano aola cimodzi-modzi. Vitamini A yemweyo ali m'kandolo wofiira m'kati, m'maungu, m'mango, m'mapapaya, m'cibwabwa, m'bondwe ndi m'kalembula, ndiponso m'cimanga ca olenji cimene mbeu zake zinatulutsidwa kuno mu 2012. Koma dzungu lilibe paketi yoti lidzitamandirepo. Ndi cimodzi-modzi ndi ufa: tinaphunzira kuona bulekifasi ngati wa anthu olemera ndi lola kapena mgaiwa ngati wa osauka, pomwe kuyera kwa bulekifasi kutanthauza kuti gaga ndi mtima wa njere, mmene muli zambiri zomanga thupi, zapita ku nkhumba ndi nkhuku.

Amalonda adzabwera ndi nyimbo yao ya masiku onse, kuti mitengo idzakwera ndipo anthu adzacotsedwa nchito. Ku Chile anaimbanso yomweyo, koma akatswiri a zacuma atawerenga pambuyo pake sanapeze kuti nchito kapena malipiro m'makampani a zakudya zinatsika kaamba ka lamuloli. Anthu sanaleke kudya, anangosuntha dzanja kucoka pa paketi iyi kupita pa iyo, nthawi zambiri ya kampani imodzi-modziyo. Ndipo mapaketi amasinthidwa kawiri-kawiri pakakhala mpikisano wopatsa mphoto kapena Khrisimasi, popanda wodandaula za mtengo wa inki.

Alimi ndiye asaope konse. Lamulo la ku Chile likhudza zakudya zimene wopanga wathiramo shuga, mcere kapena mafuta. Nshawa, nyemba, mpunga, mkaka ndi uci zosasakaniza kanthu sizilandira cikwangwani. Kopaletivu ya azimai imene ipera ciponde ca nshawa zokha-zokha idzaima pa shelefu ndi botolo loyera, pambali pa botolo locokera kunja lokhala ndi cikwangwani cakuda. Lero botolo la kunja lipambana cifukwa ca kukongola kwa pepala. Pamenepo lidzayamba kufunsidwa mafunso. Ife amene tigulitsa nshawa pa mtengo wolira kwa mavenda ndi kubwerera kunyumba ndi mabisiketi, nkhani iyi ndi ya thumba lathunso.

Tisanamizane, cizindikiro cili ndi malire ake, maka-maka kuno. Cakudya cambiri ca anthu wamba sicidutsa m'paketi ya fakitale. Pamela wa ufa, saladi wopimidwa m'kabotolo pa kantemba, vitumbuwa ndi chipisi za pa siteshoni, zonsezi zilibe polemba. Mcere wambiri timathira tokha m'ndiwo, ena kuonjezanso pa mbale asanalawe n'komwe. Amene ali ndi K5 m'manja agula cimene K5 ikwanitsa, cikwangwani cikhalepo cisakhalepo. Izi zifuna maphunziro a ku sikelo ya ana, a pa wailesi ndi a m'magulu athu. Koma onani tuntemba ta pafupi ndi sukulu iliyonse, ngakhale kumudzi kweni-kweni: zolenjekeka pa cingwe ndi mapaketi okha-okha, ndipo ogula ake ndi ana a Giredi 1. Kumeneko ndiko cikwangwani cidzagwira nchito poyamba.

Pali cifukwa cina cofulumirira. Katundu wambiri wa m'masitolo akulu-akulu acokera ku South Africa, ndipo mu 2023 boma la kumeneko linatulutsa malamulo oti anthu apereke maganizo ao, ofuna zizindikiro zakuda za makona atatu kutsogolo kwa mapaketi. Dzikolo linaika kale malire a mcere mu buledi ndi zakudya zina mu 2016, ndi msonkho wa zakumwa za shuga mu 2018. Nkhawa yathu ndi yakuti anansi akamanga mpanda ife tilibe, katundu wokanidwa kwao adzafuna msika, ndipo msikawo ndife. Poyambira tili napo. Nyumba ya Malamulo inapanga Food Safety Act mu 2019, ndipo bungwe la Codex, limene liika miyeso ya zakudya pakati pa maiko, linagwirizana za malangizo a zizindikiro za kutsogolo kwa paketi mu 2021. A Nduna a Zaumoyo safunika kuyamba pa cisala.

Pomwe tidikira boma, zina zili m'manja mwathu. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi ali ndi mphamvu yonena zimene zigulitsidwe pa geti ya sukulu. Makomiti okonza zikondwerero za parishi, maukwati ndi misonkhano ya makopaletivu ndiwo agula makireti a zoziziritsa kukhosi, ndipo akhoza kuika thobwa ndi munkhoyo wosaculutsa shuga patsogolo popanda kupempha cilolezo kwa aliyense. Phungu wanu akabwera kudzakamba za CDF, mufunseni ngati nkhani ya zizindikiro anaimvapo, ndipo aima pati.

Kwa akulu-akulu a ku Unduna ndi a ku ZABS, pempho lathu ndi lakuti tsiku limene mudzakhala pansi kujambula cizindikiroci, musacitengere ku Santiago kapena ku Pretoria monga ciliri. Dziko lino liulutsa mau m'zinenero 7, ndipo paketi imodzi siingalembedwe zonsezo. Cithunzi ndico cilankhule: supuni yodzaza shuga, kambale ka mcere, dontho la mafuta, m'kati mwa cikwangwani cakuda. Mukacijambula, mupite naco ku Chadiza, ku Vubwi ndi ku Chama, muciike patsogolo pa azimai a pa sikelo ndi agogo olera ana amasiye, osawauza kanthu, muwafunse cimene aona. Akakayika, mubwerere mukajambulenso. Ndipo pa tebulo loika miyeso ya shuga ndi mcere pakhale madokotala, akatswiri a zakudya ndi oimira ogula. Eni mafakitale amvedwe monga wina aliyense, koma colembera cisakhale m'manja mwao.